Tsabola wowamba woika nyama ya mbuzi m'kati: mmene a mestre a pa Vila anatigwirira ntchito

Anthu angapo akhala akundifunsa pa WhatsApp za bambo aja anawotcha nyama pa fesita ya kwathu mwezi wa Julayi, makamaka za tsabola uja woikamo zinthu m'kati, ena akufuna kuwatenga pa ukwati ena pa batizado, ndiye ndati ndingolemba kamodzi zonse mmene zinayendera, zabwino zake komanso zomwe zinandipweteka mtima, aliyense aziona yekha. Dzina lawo sindilemba pano chifukwa ndinenamo zina zowadandaula, ife timangoti a mestre, ndi bambo wachikulire ndithu yemwe anagwirapo ntchito yophika ku ma kampu a ku Moatize nthawi ija malasha anali pa moto, kenako anabwerera kuno ku Angónia nkumayenda m'mafesita ndi mgolo wawo.

Fesita yake inali ya mwana wa achemwali anga, mtsikana woyamba m'banja mwathu kumaliza yunivesite, wachita zaulimi konkuno pa Vila ya Ulónguè pa UniZambeze. Ndiye banja tinagwirizana kuti tisonkhe timuchitire kanthu kooneka, ine anandipatsa mbali ya nyama ndi zowotcha. Mwanayo ndi amene anayambitsa nkhani ya tsabola, anandionetsa kavidiyo pa foni ka anthu aku America akung'amba tsabola wotchedwa jalapeño pakati, kuikamo tchizi chofewa, kukulunga ndi bekoni nkuika mu utsi, akuti amayi aang'ono ine pa fesita yanga ndikufuna zimenezi zikhale zoyambira anthu asanayambe nsima ndi mpunga. Ine ndinayang'ana ndinati mwanawe zimenezi kuno tizipeza kuti, koma poti linali tsiku lake ndinapita nako kavidiyoko kwa a mestre. Iwo sanadabwe nkomwe, anangoonera theka nkundibwezera foni, akuti mayi izi ndapangapo kambirimbiri ku kampu, azungu a ku South Africa ankazikonda kwambiri Loweruka, koma ndikuuzeni zoona, jalapeño pa msika wa pa Vila simumupeza, tchizi chake ndi chodula, ndiye tipange mitundu iwiri, wina wa mwanayo monga waonera, wina wanga wa pimento wa kudimba, tsabola wamkulu wosawawa uja, ndi nyama ya mbuzi, mudzaweruze nokha. Tinapangana ma metical 4,500 (MT) a ntchito yawo yonse, kuwotcha nkhuku, mbuzi, masoseji ndi tsabolayo, zogula zonse zathu, theka ndinatumiza pa M-Pesa tsiku lomwelo.

Kugula zinthu ndi pomwe ndinaonera kusiyana. Ma pimento ndinagula pa msika kwa amayi ochokera kumadimba, a mestre anandiuza kuti ndisankhe ang'onoang'ono olimba osakwinyika khungu, oti munthu nkumaliza kuluma kawiri katatu, ndinatenga 60 ndipo ndalama yake sinafike ngakhale ya kreti ya zakumwa. Koma jalapeño uja alamu anga anachita kukamufuna mu supamaketi ku mzinda wa Tete, anapeza timapaketi tiwiri tokha, tsabola 24, kuphatikiza tchizi ndi bekoni zonse kuziika mu kolimani, bokosi loziziritsira lija, ndi ayisi, ulendo wa makilomita oposa 200 kudutsa Moatize mpaka kukhota pa Mussacama, ndipo mukudziwa mmene Tete amatenthera ngakhale nthawi yomwe ife kuno tikunjenjemera ndi chisanu. Tizinthu timeneto tokha tinadya ndalama yoposa ya mwendo wathunthu wa mbuzi. Mbuzi yakeyo alamu anagula yamoyo cha kumunsi komweko pobwera, chifukwa a mestre anakakamira kuti ikhale ya kumunsi osati ya kuno kumtunda, akuti mbuzi ya kuchigwa imadya masawu ndi malambe ndiye nyama yake ili ndi kafungo kena. Si iwo okha onena zimenezi, Cabrito de Tete, kutanthauza mbuzi ya ku Tete, analembetsedwa ndithu ndi boma ngati chinthu chodziwika ndi dera lake, choyamba mu Mozambique muno, ndipo amene anadyapo kanyenya wa mbuzi ku Tete akudziwa chomwe ndikunena.

Tsopano tsiku lenilenilo. Apa ndiyambe ndi chomwe chinandikwiyitsa chifukwa sindikufuna wina adzati sindinamuchenjeze. Tinagwirizana 8 koloko m'mawa, iwo anafika 10 itadutsa kale, foni sinkayankhidwa, ine ndili pa geti kuyang'ana njira, achemwali akundifunsa mphindi iliyonse kuti munthu wako uja ali kuti. Atafika anati galimoto yonyamula mgolo inawagwiritsa mwala, chabwino zimachitika, koma foni ndiye inatani? Munthu ukachedwa umaimba. Kwa wowotcha nyama wamba maola awiri si kanthu, amangokoleza moto waukulu nkuthamangitsa, koma ntchito ya utsi siithamangitsika, ndiye kuchedwa kuja kunatitsata tsiku lonse, zoyambira zija zinatuluka anthu ena atayamba kale kufunsa za mpunga.

Koma atangotsitsa katundu, ndinaona kuti munthuyu ntchito yake amaidziwa. Mgolo wawo ndi dilamu ija ya malita 200 yodulidwa m'litali, ili ndi mahinji ngati chitseko, waya wowotchera m'kati, kachumuni mbali imodzi ndi kabowo kolowera mpweya mbali inayo pansi, ndipo pa chivindikiro anabowolapo nkuikapo kawotchi koyezera kutentha. Anandiuza kuti dilamuyo inali ya mafuta ophikira ndipo anaiwotcha kaye ndi moto waukulu asanayambe kuigwiritsa ntchito, akuti musadzalole munthu kukuwotcherani mu dilamu yomwe simukudziwa kuti munali chani, ena amatola za mankhwala. Makala anawaunjika mbali imodzi yokha, kufupi ndi kabowo kampweya, mbali inayo kusiya popanda moto, ndipo pansi pake anaikapo kabeseni kachitsulo ka madzi. Mnyamata wathu wina anabwera ndi jumbo kuti ayatsire makala monga timachitira tonse pa mbaula, a mestre anamukaniza mwamphamvu, akuti iwe pulasitiki ndi parafini pano ayi, fungo lake limakakamira mu dilamu ndipo tsabola amayamwa chilichonse. Anayatsa ndi zitsononkho zouma ndi timapepala basi. Makala atayera phulusa pamwamba ndi pomwe anatulutsa kathumba ka tizidutswa ta nkhuni za tsanya zomwe amachita kuitanitsa kuchigwa, zouma gwa, zofiirira m'kati, zolemera ngati mwala. Anaika tiwiri tokha. Ine ndinafunsa kuti bwanji osaika zambiri utsi uchuluke, poti tikufuna utsiwo, iwo anati mayi utsi woyera wochuluka uja umawawitsa chakudya, wabwino ndi wopyapyala wooneka ngati wabuluu woti kuuona mpaka uyang'anitsitse. Ndipo anati bulugama ndi paini, zomwe zadzaza kuno kwathu, asayerekeze munthu kuwambira chakudya, utomoni wake umasiya kukoma kwa mankhwala pa lilime. Zimenezi ine sindinkazidziwa, nkhuni ndinkangoziona ngati nkhuni.

Kukonza tsabolako anakhala pa mpando pansi pa mtengo wa mapeyala ndi beseni, mwana wa fesita uja anasiya alendo ake nkubwera kudzathandiza atavala kapulana pamwamba pa diresi. Jalapeño anamung'amba m'litali, kusiya kaphesi kake kuti pakhale pogwira, nkumakokota m'kati ndi kasipuni kakang'ono. A mestre anavala magolovesi ndipo anamupatsanso mwanayo, akuti ukagwira uyu ndi manja kenako nkukhudza diso udzalira mpaka mawa. Apa ndi pomwe mwanayo anatiphunzitsa tonse, akuti anthu timaganiza kuti kuwawa kwa tsabola kuli mu njere koma ayi, kuli mu timinofu toyera tija ta m'kati tomwe njere zimamatirirapo, mmenemo ndi momwe mumakhala capsaicin, chinthu chomwe chimawawitsa tsabola, njere zimangopakidwa chabe. Ndiye ukakokota toyerato bwinobwino tsabola amafatsa, ukasiyako pang'ono amaluma. Anatinso pali muyeso wake womwe anayambitsa Wilbur Scoville mu 1912, pimento ali pa 0, jalapeño amakhala pakati pa 2,500 ndi 8,000, pomwe piripiri wathu wamng'ono uja amadutsa 50,000. Amalume ake atamva anaseka kuti ndiye tsabola wa ku Mexico yu ndi wa ana, ife tinakulira piripiri. Dzina la jalapeño akuti linachokera ku mzinda wa Xalapa ku Veracruz, ku Mexico komweko, ndipo akamusiya kupsa nkufiira kenako nkumuwamba mpaka kuuma amatchedwa chipotle. Ine ndinangoyang'ana achemwali maso awo ali ndi misozi kumva mwana wawo akufotokoza zinthu pamaso pa akuluakulu.

Za mtundu woyamba palibe zambiri, tchizi chofewa anasakaniza ndi adyo wosinja ndi anyezi wa masamba, kudzaza, kukulunga ndi theka la bekoni, kubaya kamtengo kotokosera mano. Koma mtundu wawo uja ndi pomwe ndinaimirira kuonerera mpaka kuiwala kuti ndili ndi ntchito zina. Nyama ya pa phewa la mbuzi sanaigaye pa makina, anaidula ndi mipeni iwiri pa thabwa mpaka kukhala tinthu ting'onoting'ono, akuti ya pa makina imakhala ngati phala. Anaikazinga pang'ono chabe mu poto ndi anyezi, adyo, tomato mmodzi wosenda, mchere ndi madzi a mandimu, kenako anathiramo nsinjiro zodzaza manja awiri nkuvundula mpaka zonse zitagwirana. Nsinjiro, zomwezi timathira mu nkhwani ndi chisoso. Akuti ntchito yomwe tchizi chimagwira mu tsabola wa azungu, kufewetsa ndi kumata ndi kuziziritsa kuwawa, nsinjiro zimagwiranso chifukwa nazo ndi za mafuta. Pimento anamudula pakati, kuchotsa za m'kati, kumupaka timafuta ndi mchere kunja, kudzaza nyama ija osafika pakamwa penipeni. Ndiye m'malo mwa bekoni anatenga mafuta aja opyapyala onga neti omwe amaphimba matumbo a mbuzi, omwe anauza anyamata osenda kuti asawataye, anawatsuka m'madzi ofunda ndi mandimu, kuwadula tizigamba nkumakulunga pimento aliyense ngati mwana m'kansalu. Sanabaye ndi kamtengo komwe, mafutawo amadzimata okha akamva kutentha.

Chinthu china chomwe ndinawayamikira osawauza nkomwe, pa fesita panali abale a mpingo wa Sabata ndi anzake a mwanayo achisilamu omwe nkhumba sadya, ndipo a mestre atangomva anasiyanitsa zonse, thabwa lina, mpeni wina, ndipo mu mgolo anayamba kuwamba a mbuzi okha, a bekoni anabwera pambuyo pa waya wina. Zinatichedwetsanso koma apa sindidandaula.

Anayala ma pimento mbali yopanda moto ija, kutseka chivindikiro, nkukhala pansi. Kawotchi kaja kanali pakati pa madigiri 110 ndi 120 ndipo ntchito yawo yonse inali kusunga pamenepo, kakakwera amatseka kabowo pang'ono ndi kachitini, kakatsika amatsegula, ndipo ndi mphepo ya Julayi ya kuno kumtunda ankadzuka pafupipafupi. Ola limodzi litadutsa amalume a mwanayo, achimwene athu aakulu, anapita pomwepo ndi botolo la Manica m'manja, akuti a mestre tatsegulani tione, fungo lokhali latipha. Iwo anakana mwaulemu koma osasuntha, akuti akulu mundikhululukire, ndikatsegula kutentha konse kuthawa ndiye tionjezera mphindi zina, pitani mukakhale ndikuitanani ndine. Achimwene anabwerera akung'ung'udza koma pambuyo pake ndi omwe anadya ambiri kuposa aliyense. Zonse zinatenga pafupifupi maola awiri, ndipo chakumapeto anawasunthira pamwamba pa makala mphindi zochepa kuti mafuta aja achite khirisipi. Asanatulutse anabaya kamodzi kachitsulo koyezera pakati pa nyama, akuti nyama yodulidwa tizidutswa iyenera kudutsa madigiri 71 m'kati, kenako anawasiya pa thireyi mphindi ngati khumi kuti azizireko, anthu akuwayang'ana.

Kukoma kwake. Ndiyambe ndi jalapeño poti ndi amene tinavutikira. Anali bwino, sindinganame, bekoni inauma bwino osapserera, tchizi chinalowa utsi pamwamba nkukhala chachikasu, kuwawa kwake kwapatali koti ngakhale amene sadya tsabola anatha kudya. Achinyamata anawakonda, anajambula, anaika pa status. Koma kwa ine mchere unachuluka, bekoni ili kale ndi mchere wake tchizi nachonso, ndiye ukadya awiri pakamwa pamalemera ukufuna madzi, ndipo atangozizira ndi mphepo ija tchizi chinalimba bekoni nkukhala ngati labala. Ndi chakudya choti udye pomwepo chikutuluka.

Koma a mbuzi aja abale anga. Ukaluma, choyamba ndi kakhirisipi ka mafuta aja omwe anasungunuka pafupifupi onse nkulowa mu nyama, kenako pimento yemwe wafewa nkutsekemera koma sanaphwanyike, akadali ndi thupi loti ugwire ndi zala, kenako nyama yonyowa ya nsinjiro, ndipo utsi wa tsanya uja sukubwera kutsogolo ngati chinthu chopserera, ukubwera pambuyo utameza kale, kumakhala kukhosi ndi m'mphuno. Chinandikumbutsa nyama yomwe agogo athu ankaipachika pamwamba pa moto m'khitchini ya udzu, ija ankatidulira pang'ono tikabwera kusukulu, ndipo sindine ndekha, azakhali athu atadya anakhala chete kenako anati iyi ndi nyama yowamba yothira nsinjiro yomwe timaidziwa kale, angoiveka zovala zina. Ndi zoona ndithu. Kuno kwathu kuwamba sitinaphunzire pa foni, nsomba za ku Cahora Bassa zimafika kuno zowamba, nyama yotendera timadya kuyambira kale, a mestre angotenga zomwe lilime lathu limadziwa nkuziika mu kapu ya pimento. Nchifukwa chake akuluakulu omwe jalapeño anangomulawa ndi kumusiya, a mbuzi ankatenga kachiwiri kachitatu. Ma pimento 60 odulidwa pakati ndi zidutswa 120, zinatha mphindi zosakwana makumi awiri, pomwe a jalapeño 48 ena anatsala mpaka madzulo. Ndipo ngakhale atazizira amakomabe, kamodzi komwe ndinabisa m'khitchini ndinadya usiku ndi tiyi kanali bwinobwino.

Tsopano cholakwika chachikulu, ichi ndiye chinandiwawa kuposa kuchedwa kuja. A mestre anagawa nyama ija pawiri, theka lina anathiramo piripiri wosinja wambiri ndithu kuti akhale a anthu a mowa, zomwe tinagwirizana. Koma potulutsa anawasakaniza onse pa thireyi imodzi popanda chizindikiro chilichonse, kunja amaoneka chimodzimodzi. Agogo a mwanayo, mayi a bambo ake, munthu wa zaka zoposa 80 yemwe ali ndi vuto la m'mimba, anapatsidwa kowawa. Anatsokomola mpaka misozi, anthu kuthamanga ndi madzi, mwana wa fesita uja ndi amene anakuwa kuti madzi ayi bweretsani mkaka, poti capsaicin sasungunuka m'madzi, amangofalikira pakamwa ponse, chomwe chimamuchotsa ndi mkaka kapena chambiko. Mwamwayi m'nyumba munali mkaka, anamwa, patapita kanthawi anakhala bwino, koma chisangalalo chawo chinathera pomwepo sanadyenso kanthu mpaka madzulo. Mwana wina wa zaka zisanu nayenso analuma kowawa nkulira. Ndinapita kwa a mestre ndinawauza kuti bambo apa mwalakwitsa, ndipo sanatsutse, anavula chipewa nkupita okha kukagwada kwa agogo kupepesa, akuti amama ndikhululukireni ndi ine ndasokoneza. Ulemu umenewo ndinauona, koma munthu wa zaka zambiri pa ntchito samayenera kuiwala chinthu chophweka chonchi, kungoika mathireyi awiri basi, kapena kugwiritsa pimento wofiira kwa owawa wobiriwira kwa ofatsa. Chinanso, timitengo tija ta mu jalapeño sanachenjeze anthu, tina tinapsa nsonga nkubisala mu bekoni, pomwe pali ana zimenezi ndi zoopsa. Ndipo poti mu a mbuzi muli nsinjiro, ndi bwino kulengeza, alipo anthu omwe mtedza umawatupitsa.

Zowotcha zina ndingodutsamo mwachangu. Nkhuku inali bwino kwambiri, yofewa mpaka pafupa, ya mandimu ndi adyo. Nthiti za mbuzi zinali bwino koma zikanafuna nthawi ina, apa ndi pomwe kuchedwa kwa m'mawa kunaonekera chifukwa anazithamangitsa. Masoseji anauma, amenewo aliyense akanawotcha. Mbatata ya kachewere ya konkuno anaikulunga mu foyilo nkuikwirira m'makala, inapsa bwino, ana ndi imene anakhuta.

Pa ndalama panabukanso kankhani. Pomaliza anati pa 2,250 MT yotsala ndionjezerepo 500 ya galimoto yonyamula mgolo ndi 300 ya nkhuni za tsanya, zomwe tsiku lopangana sanatchule. Ya nkhuni ndinapereka ndi mtima umodzi chifukwa ndinaona ntchito yake, koma ya galimoto ndinawauza kuti galimoto yomwe yakuchedwetsani maola awiri ine ndiilipire bwanji, tinakambirana mpaka tinagawana pakati. Sikuti ndi munthu wakuba ayi, ndikuona kuti ndi chizolowezi chongoganiza kuti kasitomala akudziwa kale, koma inu mukamapangana nawo funsani zonse poyamba ndipo mulemberane pa meseji, transipoti, nkhuni, makala, wothandizira, nthawi yofika. Kumbali ya ukhondo ndilibe dandaulo, anabwera ndi mnyamata mmodzi yemwe ankatsuka chilichonse pompopompo, nyama yaiwisi sinakhudzane ndi yopsa, phulusa anazimitsa ndi madzi nkukataya kudzala, pabwalo anasiya posesa. Madzulo kutazizira anyamata ena ankafuna kutenga makala otsala kulowa nawo m'chipinda kuti aziwotha, a mestre anawaletsa, akuti makala m'nyumba yotseka amapha anthu ali m'tulo, ndipo mnyengo ya chisanu kuno nkhani zotere timazimva.

Ndiye amene mukufunsa kuti tiwatenge kapena ayi, ine ndikuti atengeni, koma muwatengere tsabola wa mbuziyo. Jalapeño ngati mwana wanu waumirira monga wathu, gulani paketi imodzi yoti achinyamata ajambule, ndalama yotsalayo muonjezere ma pimento ndi nyama. Muwerengere zidutswa zitatu kapena zinayi pa munthu wamkulu, ife tinawerengera ziwiri ndipo zinachepa moti ena a kumapeto kwa mzere sanalawe nkomwe, mpaka pano alamu anga aakazi amandikumbutsa. Ngati mbuzi mukupha nokha uzani osenda asunge mafuta a neti aja m'madzi ozizira, mbuzi imodzi mafuta ake anakwana zidutswa pafupifupi 80 zokha, zotsalazo anangozipaka mafuta pamwamba ndipo zinali zouma pang'ono poyerekeza ndi zinzake. Muwauze nthawi yofika yoposa yomwe mukufuna ndi ola limodzi kapena awiri, komanso galimoto yonyamula mgolo mupeze nokha. Ndipo mathireyi awiri, owawa kwaokha, muime pomwepo potulutsa muone ndi maso anu.

Sabata yathayi ndinayesa ndekha kunyumba pa mbaula, makala mbali imodzi, zitsononkho ziwiri zonyowetsa pang'ono m'malo mwa tsanya, nkuvindikira ndi beseni lachitsulo lakale. Ma pimento asanu ndi limodzi okha. Pansi anapserera pang'ono chifukwa mbaula ndi yaing'ono moto uli pafupi, koma nsinjiro ndi mbuzi zija zinagwirana chimodzimodzi ndipo bambo a kunyumba anafunsa ngati atsalako. Ndinawaimbira a mestre kuwafunsa za kupsererako, anayankha ulendo uno, akuti ndiike njerwa ziwiri pansi pa waya kuti akwere m'mwamba ndipo makala ndichepetse ndi theka. Tapangana kale kuti abwerenso pa batizado ya mdzukulu wa achimwene mu Disembala, nthawi imeneyo mvula idzakhala itayamba ndiye ndawauza kuti mgolo tidzauika pa khonde la kuseri kopita mphepo, ndipo ma pimento ndawauza kale amayi a kudimba aja kuti andisungire 100, theka ofiira theka obiriwira.